Bánh mì kunyumba: yambirani pa buledi ndi karoti wowawasa

Mayi wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo yokhudza bánh mì, sangweji ya ku Vietnam. Akuti ankaidya pamene anali pa maphunziro ku Melbourne m'dziko la Australia, ndipo chibwerereni kumudzi sakuiiwala. Anayesa kupanga okha: anagula buledi wautali wachifalansa, anawotcha nkhuku, n'kuikamo letesi, tomato ndi mayonezi. Banja lonse linadya mokondwa, koma iwo akuti, "Inali sangweji wamba basi. Buledi ankapweteka m'kamwa, ndipo kakomedwe kotsitsimula kaja panalibe." Akufunsa kuti chinalakwika n'chiyani, kodi zingatheke popanda daikon (radishi yaikulu yoyera) ndi fish sauce (madzi amchere otuluka mu nsomba) zomwe sakuzipeza, nanga asankhe nyama yanji poti bambo akunyumba sadya nkhumba.

Zikomo mayi polemba. Zimatheka ndithu, ndipo zambiri mwa zofunikazo zili pamsika wakwanuko ndi kuseri kwa nyumba. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi: nkhawa ya nyama muyiike kaye pambali. Bánh mì imaima pa zinthu ziwiri zotchipa, buledi wopepuka ndi karoti wonyikidwa mu viniga. Ziwirizi zikakhala bwino, ngakhale dzira lokazinga limakwanira. Zikasowa, olo mutaikamo nyama yodula bwanji, mudzadyanso sangweji wamba ija.

Kuti mumvetse chifukwa chake buledi wanu anakukhumudwitsani, mpofunika kudziwa kumene chakudyachi chinachokera. Afalansa analanda mzinda wa Saigon, kummwera kwa Vietnam, mu 1859, ndipo anabwera ndi buledi wawo, batala, khofi ndi pâté, chiwindi chosinja chopaka pa buledi. Kwa zaka zambiri izi zinali zakudya za atsamunda ndi anthu olemera, zodyera patebulo, buledi payekha nyama payokha. Mu 1954 Afalansa anagonja ku Điện Biên Phủ, dziko linagawidwa pawiri, ndipo anthu zikwi mazanamazana a kumpoto anasamukira kummwera. Banja lina lochokera kumpotoko linatsegula kashopu ka Hòa Mã ku Saigon mu 1958, ndipo kamatchulidwa kawirikawiri pakati pa malo oyamba kuika ndiwo zonse mkati mwa buledi kuti wantchito kapena mwana wasukulu agule n'kumadya akuyenda. Nkhondo ya ku Vietnam itatha mu 1975, othawa kwawo anatenga luso limeneli kupita nalo ku California, ku Paris ndi ku Australia. Malo ngati Footscray ndi Springvale ku Melbourne kuli anthu ambiri a ku Vietnam, n'chifukwa chake munaipeza mosavuta kumeneko.

Pa ulendo wonsewo buledi uja anasintha. Wa ku Vietnam ndi wamfupi, kutalika kwake kungopitirira pang'ono dzanja la munthu wamkulu. Mukamunyamula mumadabwa kupepuka kwake. Khungu lake ndi lopyapyala moti mukangofinya limathetheka n'kuyoyoka tizinyenyeswa pa malaya, pomwe mkati mwake ndi mofewa, mwa mphepo yokhayokha. Buledi weniweni wachifalansa ali ndi khungu lokhuthala ndipo amafuna mano. Ndi wabwino pa ntchito yake, koma apa amafinya ndiwo kuti zithawire m'mbali ndipo amakanda m'kamwa, monga mwaonera. Choncho pogula musasankhe wodula. Buledi wautali wotchipa wa m'masitolo akuluakulu, uja wofewa mkati, ali pafupi ndi wa ku Saigon kuposa wa mtengo wapatali. Amene ali kufupi ndi malire a Mozambique ali ndi mwayi, chifukwa pão wa kumeneko amagwira ntchitoyi bwino kwambiri, chimodzimodzinso ma Portuguese roll kwa owerenga a ku Johannesburg. Mabanzi otsekemera okha ayi.

Buledi wogulayo muyenera kumudzutsa musanamudule. Muwazeni timadzi pang'ono ndi zala, mumuike mu uvuni wotentha madigiri 190 kwa mphindi 5. Ngati mulibe uvuni, ikani pa waya pamwamba pa mbaula ya makala amene ayamba kuzirala, muzitembenuza pafupipafupi kuti khungu liume koma lisapserere. Ogulitsa ambiri m'misewu ya ku Vietnam amachita zomwezo, amakhala ndi kamoto ka makala m'ngolo zawo kofunditsira buledi.

Ngati mukufuna kuphika nokha, nayi miyezo yomwe ndimaikhulupirira: ufa wa tirigu wophikira buledi magalamu 500, madzi ofunda mamililita 320, yisiti magalamu 7, mchere supuni yaing'ono imodzi ndi theka, shuga supuni yaikulu imodzi, mafuta ophikira supuni yaikulu imodzi. Kandani mwamphamvu kwa mphindi 15, kufikira poti mukatambasula kachidutswa pakati pa zala kakupyapyala osang'ambika. Apa ndi pamene ambiri amatopera msanga, koma kupepuka kuja kumachokera pa kukanda kumeneku. Vundikirani kwa ola limodzi, gawani pasanu ndi kamodzi, chidutswa chilichonse muchipapatize n'kuchikulunga mothinitsa, chonenepa pakati chosongoka kumapeto. Zisiyeni zifufumenso mpaka zitapitirira kuwirikiza kawiri. Chekani mzere umodzi m'litali ndi lezala, muike mu uvuni wa madigiri 230 momwe pansi pake mwaika chiwaya cha madzi owira. Nthunzi ndi imene imachedwetsa khungu kuuma kuti buledi afufume mokwanira komanso khungulo likhale lopyapyala. Pakatha mphindi 10 chotsani madziwo, aphikike mphindi zina 8 kapena 10. Mudzawerenga pa intaneti kuti chinsinsi chake ndi ufa wa mpunga. Ena amathiradi pang'ono, koma ufa wa mpunga ulibe gluten, ulimbo uja umene umagwira mpweya mu ufa wokanda, ndiye ukachuluka buledi amalemera. Ine ndingakulangizeni kuti muusiye.

Tsopano chimene chinasowa kwambiri mu sangweji yanu, chomwe eni ake amachitcha đồ chua. Ndi karoti ndi daikon zodula n'kunyikidwa m'madzi a viniga ndi shuga. Kakomedwe kotsitsimula kamene mukukakumbuka kaja kamachokera apa. Mu bánh mì muli mafuta ambiri, a chiwindi, a mayonezi, a nyama, ndipo kuwawasa ndi kukukutika kwa karoti ndi kumene kumatsuka m'kamwa kuti kuluma kwachiwiri kukome ngati koyamba. Letesi ndi tomato sizingathe ntchito imeneyi. Tomato amangonyowetsa buledi amene mwavutikira kumuumitsa.

Daikon ndi radishi yaikulu yoyera, ndipo nthawi zina imapezeka m'mashopu a Atchaina. Ikasowa musadandaule, thyolani papaya wosapsa. Si njira yongopekera kuno ayi: ku Hanoi, likulu la Vietnam, papaya wosapsa ndi karoti amazinyika chomwechi n'kudyera limodzi ndi nkhumba yowotcha. Sankhani papaya wolimba, woyera mkati, musende n'kutsuka bwino utomoni wake. Dulani karoti magalamu 250 ndi papaya magalamu 250 m'tizidutswa ngati timitengo ta machesi, tonenepako pang'ono. Musapale pa greta, chifukwa zopalapala zimafota n'kusanduka phala. Thirani mchere supuni yaing'ono imodzi ndi shuga masupuni aang'ono awiri, mufikise ndi manja kwa mphindi zitatu. Mudzaona madzi akutuluka pansi pa mbale. Tengani kachidutswa kamodzi mukapinde: kakapindika mpaka nsonga zake kukumana osathyoka, zakwana. Tsukani ndi madzi ozizira, finyani, ikani m'botolo lagalasi loyera. Sakanizani kapu imodzi ya viniga woyera, kapu imodzi ya madzi ofunda ndi theka la kapu ya shuga mpaka shuga asungunuke, kenako thirani m'botolomo kuti zonse zimire. Pakatha ola limodzi mukhoza kudya, koma zogonera ndi zimene zimakoma. Mu fuliji zimakhala milungu itatu bwinobwino. Tsiku limene mudzapeze daikon weniweni, musadabwe ndi fungo lamphamvu potsegula botolo. Ndi mmene amakhalira, sanawonongeke. Ingolisiyani lotsegula kwa kanthawi.

Pâté ambiri amaidumpha poganiza kuti ndi zovuta kapena zodula, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa ndi imene imapereka kukoma kozama kuja. Ku Vietnam nthawi zambiri amaipanga ndi chiwindi cha nkhumba, koma cha nkhuku chimakoma chimodzimodzi ndipo bambo akunyumba adzadya nawo. Tengani chiwindi cha nkhuku magalamu 250, chotsani timitsempha ndi paliponse pobiriwira pamene ndulu inakhudza, muchiviike mu mkaka kwa theka la ola kuti kuwawa kuchepe. Kazingani anyezi mmodzi ndi adyo mu batala mpaka zifewe, ikani chiwindi, mchere ndi tsabola wakuda wambiri. Chipse mpaka mkati, pasakhale pofiira, chifukwa chiwindi cha nkhuku chosapsa chimadwalitsa m'mimba. Chikadali chofunda chisinjeni mumtondo waung'ono kapena mu blenda pamodzi ndi batala wofewa magalamu 80. Chimalimba chikazizira. Chidyeni pasanathe masiku atatu, ndipo ngati magetsi akuzimazima kwanuko pangani chochepa chongokwanira tsikulo. Mayonezi wa m'botolo ndi wokwanira. Wa ku Vietnam amakhala wachikasu, wolimba, wosawawasa kwambiri, ndiye mukasakaniza wanu ndi batala wofewa pang'ono mumayandikira.

Tifike pa nyama. Sangweji yotchuka ya ku Saigon imakhala ndi nyama zozizira za nkhumba zingapo, makamaka chả lụa, soseji yosalala yophikidwa m'masamba a nthochi. Imeneyo isiyeni, kuno kuipeza n'kovuta. Mtundu wa nyama yowotcha ndi umene umatiyenera ife a mbaula, ndipo nkhuku ndi yololedwa kotheratu, ku Vietnam komweko amagulitsa ya nkhuku. Sankhani ntchafu, osati chidale, chifukwa chidale chimauma. Chotsani mafupa pa magalamu 500 a ntchafu. Sinjani mapesi awiri a lemongrass, udzu uja ambiri amadzala pakhomo n'kumathira mu tiyi. Mugwiritse ntchito tsinde loyera la m'munsi lokha, masamba ayi. Onjezani adyo tizidutswa tinayi, anyezi wamng'ono, shuga supuni yaikulu imodzi ndi theka, tsabola wakuda, mafuta pang'ono ndi masupuni aakulu awiri a fish sauce. Nyama ikhalemo maola awiri kapena usiku wonse mu fuliji. Wotchani pa makala, mukhale pomwepo chifukwa shuga sachedwa kupserera. Mukufuna m'mbali mwake muderako pang'ono. Ikapsa ipumule mphindi zisanu, kenako muidule mopyapyala.

Fish sauce, kapena nước mắm, ndi madzi otuluka mu tinsomba ting'onoting'ono ta m'nyanja yamchere tosanjidwa ndi mchere m'migolo kwa miyezi yambiri. Chilumba cha Phú Quốc ndi chotchuka nayo. Yesani kufunsa m'mashopu ogulitsa zakudya za ku Asia, ndipo mukaipeza gulani, botolo limodzi limakhalitsa. Ikasowa thirani soya sauce muyezo womwewo. Kakomedwe kadzasiyana pang'ono, koma sikudzakhala kulakwitsa, popeza ogulitsa ambiri ku Vietnam pomaliza amadonthezera soya sauce kapena Maggi wamadzi mu sangwejimo. Chimene sindingakuloleni kusiya ndi coriander wamuwisi, amene m'mashopu a amwenye amamutcha dhania. Parsley amafanana naye maonekedwe okha. Dhania akavuta kupeza, dzalani wanu m'kachitini kapena m'dimba, m'nyengo yozizira amamera bwino.

Kusanja kwake kuli ndi dongosolo. Buledi ali wofunda, muchekeni m'litali koma mbali imodzi isaduke, ikhale yogwira. Ngati mkati mwadzaza, kolowolani pang'ono ndi zala kuti ndiwo zipeze malo. Pakani mayonezi mbali imodzi, pâté mbali inayo, mpaka kumapeto kwenikweni kuti pasakhale poluma pouma. Donthezerani soya sauce pang'ono. Yalani nyama, musaunjike. Pamwamba pake ikani nkhaka yodula m'litali mopyapyala, kenako karoti ndi papaya wodzaza dzanja, mutayamba mwafinya madzi ake. Ikani dhania ndi mapesi ake omwe, chifukwa mapesiwo ndi amene ali ndi fungo lambiri. Pomaliza tsabola wamuwisi wodula. Kambuzi amalowa bwino ndipo fungo lake limagwirizana ndi dhania, koma ndi waukali, ndiye tizidutswa tiwiri kapena titatu topyapyala tikwanira, ndipo kwa ana musaike. Mukayang'ana m'mbali, zamasamba zizioneka zochuluka mofanana ndi nyama kapena kuposerapo. Tsekani, finyani pang'ono, idyani nthawi yomweyo buledi asanalefuke.

Botolo la karoti lija likakhala mu fuliji, masiku ena simufunikanso kuyatsa mbaula. M'mawa anthu ambiri ku Vietnam amadya ya mazira, bánh mì ốp la: mazira awiri okazinga, soya sauce, tsabola wakuda, nkhaka, karoti wowawasa ndi dhania. Palinso ya nsomba za m'chitini zija za mu supu ya tomato. Zitenthetseni m'chiwaya ndi kaanyezi mpaka supuyo ichepe, muziphwanye pang'ono ndi foloko, n'kuika mu buledi ndi zina zonse zija. Ngati mukufuna kutengera kuntchito, buledi, nyama ndi zowawasa zipite m'zotengera zosiyana, mukaphatikize nthawi ya nkhomaliro.