Mafunso a Owerenga: Kodi Ahindu amawerenga chiyani pa Navaratri?

Funso: Anansi anga ndi Ahindu, ndipo chaka chilichonse cha m'ma Seputembala kapena Okutobala amapembedza mulungu wamkazi kwa mausiku 9. Kodi buku limene amawerengalo ndi lotani? — Wowerenga wa ku Limbe

Yankho: Mwambowo ndi Navaratri, ndipo bukulo ndi Devi Mahatmya, lolembedwa m'Chisanskrit, chinenero chakale cha ku India. Ndi gawo la buku lina lakale la Ahindu lotchedwa Markandeya Purana, mitu 81 mpaka 93. Lili ndi mitu 13 ndi ndime 700, n'chifukwa chake ena amalitcha Durga Saptashati: Durga ndi dzina la mulungu wamkaziyo, ndipo Saptashati amatanthauza 700.

Muli nkhondo zitatu. Mutu woyamba ukunena za ziwanda ziwiri, Madhu ndi Kaitabha. Mitu 2 mpaka 4 ikusimba mmene Durga anaphera Mahishasura, chiwanda chooneka ngati njati chimene chinagonjetsa milungu yaamuna. Mitu yotsalayo ndi ya ziwanda zina ziwiri, Shumbha ndi Nishumbha, ndipo apa m'pamene nkhani imakoma: Raktabija, chiwanda cha mbali yawo, akavulala, dontho lililonse la magazi ake likagwa pansi linkasanduka chiwanda china. Mulungu wamkazi wotchedwa Kali anamwa magaziwo asanafike pansi, basi n'kutheka kumupha.

Powerenga, amayamba ndi mapemphero atatu: Kavacha, Argala ndi Kilaka. Ena amamaliza buku lonse tsiku limodzi, ena amaligawa masiku 7. Kulekeza pakati pa mutu kumaonedwa ngati cholakwa, moti wowerengayo amauyambanso. Pomaliza amapempha chikhululuko pa mawu amene sanawatchule bwino. Tsiku la 10, Vijayadashami, amakondwerera kupambana kwa Durga.