Tifunseni: Bambo, mwana wamkazi ndi dzina loti "Atate"

Makalata atatu a mwezi uno achokera ku Kasungu ndi ku Mchinji. Akuyankha ndi alangizi a za banja a magazini ino.

FUNSO: Ndine bambo wa ana anayi, ndimalima fodya ku Santhe ndipo ndimapemphera ku CCAP. Mwana wanga woyamba ndi wamkazi wa zaka 13, ali Sitandade 8. Ali wamng'ono sitinkasiyana: kudimba tonse, kutchalitchi ndinkamukweza panjinga. Chaka chatha anatha msinkhu, alangizi anamulangiza, ine ndinayamba kumutalikira monga mwambo umanenera. Tsopano wasiya kwaya, ku kalasi ya kutchalitchi amapita mokakamizidwa, akandiona amathawira kukhitchini. Amayi ake akuti ndi kukula chabe. Ndalakwitsa pati? (Bambo wa ku Santhe)

YANKHO: Bambo, simunalakwe polemekeza mwambo, koma mwaupitiriza malire. Mwambo umaletsa namwali kulowa kuchipinda kwa makolo, umaletsa masewera ogwiranagwirana ndi bambo, ndipo nkhani za thupi umazisiya m'manja mwa amayi ndi alangizi. Suletsa kucheza naye pakhonde, kumufunsa za kusukulu kapena kupemphera naye. Abambo ambiri, poopa kulakwira mwambo, amangosiya zonse tsiku limodzi popanda womufotokozera mwanayo. Iye amangoona kuti tsiku limene anakula ndi tsiku limene bambo ake anasiya kumuitana, ndipo mumtima amagamula kuti kukula kwake ndi chinthu chonyansa.

Apa ndi pamene chikhulupiriro chimavulalira. Lamulungu lililonse mwana wanu amanena kuti "Atate wathu wa Kumwamba". Tanthauzo la mawu oti atate sanaliphunzire ku kalasi, analiphunzira pa kaliyala wa njinga yanu. Ngati atate wa pakhomo amakonda mwana akadali wamng'ono ndi kumutaya akakula, nkosavuta kuti aganize kuti wa Kumwamba nayenso ndi wotero.

Yambani ndi kumuuza. Yalani mphasa panja madzulo, amayi ake alipo, azichimwene ake atapita kosewera. Muitaneni ndi mfunda wake, kaya ndi Nabanda kaya Naphiri, pakuti pamenepo amva kuti mukumutenga ngati munthu wamkulu. Mawu asachuluke: "Wakula mwana wanga, nchifukwa chake zina ndasintha pofuna kukulemekeza. Sindinakutaye. Pepa kuti sindinakufotokozere." Mawu oti pepa ndi olemera pakamwa pa bambo, tikudziwa, koma musawalumphe. Mwina sayankha, azingokanda pansi ndi kamtengo. Musamuumirize, wamva.

Kenako bwezeretsani mapemphero a pabanja, mphindi 10 kapena 15 mukangotha kudya nsima yamadzulo, tulo tisanawagwire ana. Baibulo mupatseni iye aziwerenga, mavesi osapitirira 10 kapena 12 pa tsiku. Uthenga wa Marko ngwabwino poyambira chifukwa ngwaufupi, machaputala 16 okha, ndipo nkhani zake zimathamanga. Mukafika pa Marko 5:21-43 muchedwepo masiku awiri. Yairo anali mkulu wa sunagoge, munthu wa ulemu wake, koma anagwa pamapazi a Yesu pagulu chifukwa cha mwana wake wamkazi wa zaka 12. Yesu atamugwira dzanja mtsikanayo ndi kumudzutsa, analamula kuti amupatse chakudya. Funsani funso limodzi lokha, monga lakuti "Nchiyani chakukhudza pamenepa?" ndipo iye ayambe kuyankha anyamata asanalankhule. Akaphonya musamudule.

Chimene chimaononga mapemphero a m'nyumba zambiri ndi kuwasandutsa bwalo la milandu. Bambo amatseka maso nkuyamba: "Ambuye, muchotseni mwano mwana uyu, amene lero sanatsuke mbale." Kumeneko ndi kumukalipira mwana podzera kwa Mulungu, ndipo mwana amadana ndi onse awiri. Mlandu wa mbale uweruzeni masana. Popemphera mutchuleni dzina pomuthokozera ndi pomupempherera mayeso ake a Sitandade 8. Akolose 3:21 amachenjeza abambo kuti asaputse ana awo kuti angataye mtima, ndipo mtsikana wotaya mtima kawirikawiri sachita phokoso, amangokhala chete ngati wanuyu.

Kuyambira Januwale mpaka Malichi, pamene kuthyola ndi kusoka fodya kumakufikitsani usiku, musaleke. Fupikitsani: vesi limodzi ndi pemphero la mphindi zitatu m'chigafa momwemo. Mukalumpha mwezi wathunthu, kuyambiranso kumavuta kuposa poyamba.

Za kwaya musamulamule kuti abwerere. Mufunseni nyimbo imene ankaikonda, muiyimbe pa mapemphero. Akadzabwerera yekha, tsiku limene akuimba mudzakhale pamalo poti akuoneni, ndipo pobwerera mudzatchule chinthu chimodzi chimene chinakusangalatsani.

Pali nkhani ya ndalama, imene ena amaiona ngati yosakhudza za uzimu, koma ife tikuti imakhudza kwambiri. Mabelo akagulitsidwa ku msika wa fodya wa Chinkhoma, musanagule china chilichonse patulani za sukulu yake, ndiponso ndalama ya sopo, mafuta odzola, zovala zamkati ndi zofunika za mwezi ndi mwezi. Perekani kwa amayi ake, iwo amuuze kuti zachokera kwa bambo. Namwali sangabwere kwa inu kudzapempha zimenezi, manyazi sangamulole. Akazisowa, pamsika sipasowa mwamuna woti amugulire, ndipo mtengo wake mukuudziwa.

Chomaliza nchofunika kuchichita sabata ino. Kusintha kwadzidzidzi kwa mtsikana nthawi zina kumabisa zina: kunyozedwa kusukulu, mwamuna amene akumuvutitsa panjira, ngakhale nkhanza zochokera kwa wachibale kapena munthu wa kutchalitchi komweko. Amayi ake kapena mlangizi amene iye amamukhulupirira acheze naye paokha, mofatsa. Kukapezeka kuti wachitidwa nkhanza, musamalize nkhaniyo pachibale. Pitani naye kuchipatala msanga, kanenani ku Victim Support Unit ya polisi, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

FUNSO: Ndine mtsikana wa zaka 24, Mkatolika. Bambo anga ankamwa ndi kumenya amayi. Anali pa chikamwini, ndipo banja litatha ndili ndi zaka 9 ananyamula katundu wawo nkukakwatira kwina, osatembenukanso. Pa Misa tikafika pa "Atate athu muli kumwamba" pakhosi panga pamatseka. Anzanga a kumphakati akuti ndilibe chikhulupiriro chifukwa sindinakhululuke. Ndichite chiyani? (Mtsikana wa kwa Kamwendo, Mchinji)

YANKHO: Mwana wathu, munthu wopanda chikhulupiriro sakadavutika ndi mawu amenewa. Pakhosi pakutsekapo ndi bala, ndipo bala silipola ndi kukalipiridwa. Baibulo lenilenilo likudziwa kuti makolo amataya ana: Salmo 27:10 limanena za munthu wosiyidwa ndi atate ndi amayi ake, amene Mulungu amamutola.

Pakali pano pempherani ndi mayina ena amene mtima wanu ukuwalandira. Salmo 23 limamutcha Mbusa. Yesaya 49:15 ndi 66:13 amamufanizira ndi mayi woyamwitsa ndi mayi wotonthoza mwana. Pa Misa, mawu akakana kutuluka, khalani chete mumve anzanu akukunenerani, si tchimo.

Kenako tengani kope, mujambule mzere pakati pa tsamba. Kumanzere lembani zimene bambo anu anachita, mosabisa ndi mosawachepetsera. Werengani Luka 15:11-32 pang'onopang'ono, kumanja mulembe chochita chilichonse cha bambo wa m'fanizolo: anamuona mwana ali patali, anathamanga, anamukumbatira, anamuveka, anatulukanso panja kukadandaulira mwana wamkulu amene anakwiya. Cholinga chake nchakuti mutembenuze muyeso. Mpaka lero mwakhala mukuyeza Mulungu ndi bambo anu. Yesu akuti tiyeze abambo athu ndi Mulungu, ndipo pa muyeso umenewo anu anaperewera. Chitani zimenezi kangapo pa mwezi. Tsiku loyamba misozi idzabwera. Musadabwe, ndipo ngati ikukulepheretsani kugona kapena kudya kwa masabata, kaonaneni ndi wansembe kapena mlangizi wa kuchipatala.

Anzanuwo akusakaniza zinthu zitatu. Kukhululuka ndi kusiya kufunira munthu choipa ndi kupereka mlandu wake kwa Mulungu. Kumeneku mungathe kuchita nokha, ndipo kumabwera pang'onopang'ono. Kuyanjana kumafuna anthu awiri, ndipo winayo avomere kulakwa. Kukhulupirira munthu kumadikira ntchito zake. Mukhoza kukhululuka osapita kukagona kwawo. Mukadzafuna kukumana nawo, mudzapite masana, ndi amalume anu, mutakonzeka kuti mwina sadzapepesa.

Tikuchenjezeninso mwachikondi. Mtsikana wa njala ya bambo amakopeka msanga ndi mwamuna aliyense wodzitcha "atate wauzimu". Amene akukuitanani nokha kunyumba kwake usiku, amene akuti musauze munthu, amene akufuna kukugwirani thupi ati pokupemphererani, ameneyo muthaweni. Funani banja lokhwima la mumphakati wanu, bambo ndi mayi pamodzi, muzikacheza pakhomo pawo masana ndi kuona mmene bamboyo amalankhulira ndi ana ake.

FUNSO: Amuna anga ali ku Johannesburg chaka chachitatu. Ndalama amatumiza, koma mwana wathu wa zaka 8 wayamba kunena kuti bambo ake ndi foni. Angamuthandize bwanji pa za Mulungu ali kutali? (Mayi wa ku Chamama)

YANKHO: Mayi, chofunika kwa mwana wa msinkhu umenewu ndi tsiku losasintha. Amuna anu agwirizane nanu tsiku limodzi pa sabata, mwachitsanzo Lamulungu nthawi ya 4 koloko madzulo. Nthawi ya kuno ndi ya ku South Africa ndi imodzi, choncho palibe chosokoneza. Alankhule ndi mwanayo payekha mphindi zisanu, osati kungomupatsira moni kumapeto kwa nkhani za feteleza. Amufunse zimene anaphunzira ku Sande sukulu, apemphere naye momutchula dzina. Netiweki ikavuta atumize uthenga wa mawu pa WhatsApp, wosapitirira mphindi imodzi, wokhala ndi vesi limodzi loti aloweze. Mwana amaumvera kambirimbiri. Bamboyo akalephera tsikulo anene msanga ndi kupepesa, ndipo asalonjeze kubwera pa Khirisimasi asanagwire ndalama ya basi, chifukwa lonjezo losweka la bambo mwana amalikumbukira akamauzidwa za malonjezo a Mulungu.

Inu musamagwiritse ntchito dzina lawo poopseza, zoti "ndikuneneza kwa bambo ako". Pemphaninso mlongo wanu, amene mwa mwambo wathu ali kale ndi udindo pa mwanayo, kuti kamodzi pa mwezi azipita naye kutchalitchi ndi kuona makope ake, monga Moredekai analerera Estere ngati mwana wake. Amuna anu adziwe za dongosololi ndipo aziwaimbira alamu awowo kumva mmene mwana akuchitira.