Njanji itafika, tauni inasamukira paphiri

Achimwene, mwafunsa kuti matauni ang'onoang'ono aja anthu amangogonako koma ntchito akukagwira mumzinda amayamba bwanji, ndipo chimawakulitsa n'chiyani. Ndikuyankheni ndi tauni imodzi yomwe mbiri yake imandigwira mtima: Amersham ya ku England, makilomita pafupifupi 43 kuchokera pakati pa London.

Amersham sinayambe ngati kogona antchito a mumzinda ayi. Inalipo kale m'chaka cha 1086, ndipo mu 1200 Mfumu John inailola kukhala ndi msika wake. Kwa zaka mazanamazana inali tauni ya m'chigwa cha mtsinje wa Misbourne, ya msewu umodzi wotakata, tchalitchi cha St Mary ndi nyumba zogona apaulendo oyenda pa ngolo za akavalo. Munthu ankabadwira pompo, ntchito pompo.

Zinthu zinatembenuka mu 1892 pomwe sitima ya kampani ya Metropolitan Railway inafika. Apa ndi pomwe pagona nkhani. Siteshoni sanaimange m'chigwa muja munali anthu, anaimanga pamtunda, pamalo omwe panali minda ndi tchire. Anthu obwera sanafune nyumba pafupi ndi msika wakale. Ankafuna poti akatseka chitseko m'mawa, angoyenda pang'ono n'kukwera sitima. Masitolo anatsatira anthuwo, ndipo paphiripo panamera tauni yachiwiri, Amersham-on-the-Hill. Mpaka lero mukatsika sitima mumafikira m'tauni yatsopanoyo, kenaka mumatsetsereka ndi kanjira kodutsa m'nkhalango, n'kungoona nsanja ya tchalitchi ndi madenga akale ali m'munsi mwanu phee, ngati nthawi inaima.

Musaganize kuti zinangochitika zokha. Kampani ya sitimayo inazindikira kuti mwini nyumba m'mbali mwa njanji ndi kasitomala wa tsiku lililonse. Kuyambira 1915 inkatsatsa dera lonselo ndi dzina loti Metro-land, kukopa anthu otopa ndi utsi komanso kuthithikana kwa mu London kuti adzapume mpweya wabwino kumudzi koma ntchito osaisiya. Mu 1919 panakhazikitsidwanso kampani ina yomanga ndi kugulitsa nyumba m'mbali mwa njanjiyo. Munthu ankagula nyumba, mawa lake n'kuyamba kugula tikiti. Sitima zamagetsi zinafika ku Amersham mu 1960.

Chomwe chinaletsa kuti London aimeze tauniyi ndi lamulo la Green Belt, loteteza malo ozungulira mzindawo kuti pasamangidwe chisawawa. Lamuloli ndimaliyamikira, chifukwa popanda ilo minda ndi nkhalango za mapiri a Chiltern, momwe muli tauniyi, bwenzi zitasanduka njerwa zokhazokha. Koma lili ndi ululu wake. Ofuna nyumba ndi ambiri, malo omangapo ndi ochepa, ndiye mitengo ya nyumba imakwera mpaka mwana wobadwira momwemo kulephera kugula kwawo. Zimenezi zimandiwawa ndithu.

Ndiye tauni yomwe mukuiganizirayo, yambani mwafufuza chaka chomwe njanji kapena msewu wabwino unafikako, komanso amene anali mwini malo ozungulira pokwerera. Mukatero pitani mukaime pokwererapo cha m'ma 6 koloko m'mawa, muone mbali yomwe yadzaza anthu.