Za sukulu ya Sacred Heart ija munafunsa

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva funso lanu, loti kodi sukulu ndinajambula ija, Sacred Heart College, ndi ya abulazala omwe aja a ku Likuni Boys. Eya, ndi omwewo, a chipani cha Marist. A ku Mtendere ku Dedza aja nawonso ndi amodzimodzi.

Ndi yakalekale, musaione kuwala penti. Golide anapezeka kuno ku Johannesburg mu 1886, anthu n'kukhamukira kuno kudzakumba, ndiye pofika 1889 abulazala anali atatsegula kale sukulu ya anyamata mu Koch Street, m'tauni. Johannesburg ali ndi zaka zitatu zokha! Malo atachepa, m'ma 1920 anamanga ina ku Observatory, ndi imene mwaiona pachithunziyo.

Koma chimene chimandigwira mtima ine ndi ichi. Nthawi ya tsankho, lamulo linkati mwana wakuda ndi mwana wa mzungu asakhale m'kalasi imodzi. Mu 1976, chaka chomwe apolisi anawombera ana asukulu ku Soweto, iwowa anatsegula geti, n'kuyamba kulandira ana a mtundu uliwonse, boma lisakufuna. Mphunzitsi wamkulu anali Brother Neil McGurk. Tangoganizani achemwali, masiku amenewo boma silinkaseka ndi munthu ayi. Atsikana anayamba kulowa mu 1980. Pambuyo pake ngakhale adzukulu a Mandela anaphunzira pomwepo.

Ndiye pali za ife obwera. Mukukumbuka 2008, anthu akuthamangitsidwa ku Alexandra, anzathu ambiri n'kubwerera kumudzi pa mabasi opanda ngakhale chikwama? Chaka chomwecho sukuluyi inayambitsa Three2Six. Dzinalo ndi nthawi chabe: ana olipira akaweruka, kuyambira 3 koloko mpaka 6 koloko madzulo m'makalasi omwewo munkalowa ana a anthu othawa kwawo ndi ena obwera, amene sukulu za boma zinawabweza chifukwa cha mapepala. Ulere, ndi chakudya chomwe. Ine ndikadutsa pageti paja ndimayenda pang'onopang'ono, chifukwa ndikudziwa mmene zimawawira kubwezedwa ndi mwana ali kumanja.

Za fizi musandifunse kawiri, ndi yokwera, ya ife aganyu siingakwane. Auzeni alamu kuti Loweruka ndikajambula tchalitchi cha pasukulupo ndiwatumizire, aone ngati chikufanana ndi cha ku Likuni kumene anaphunzira.