Nachisale, za kokadya kwa Ataliyana kuja, tamvera

Halo, zikumveka? Chabwino. Nachisale, ndauwona uthenga wako m'gulumu, woti anzako a kuntchito apangana zokadya ku lesitilanti ya Ataliyana Loweruka madzulo Sabata ikatha, ndiye ukufunsa kuti ukayitanitse chiyani kuti usakachite manyazi. Zolemba sindingathe, ndili pamoto pano, ndingolankhula. Amalume musaseke, mverani nanu, tsiku lina akamwini anu adzakutengerani komweko.

Za foloko ndi mpeni usade nazo nkhawa mng'ono wanga. Palibe amene akakhale akukuyang'ana m'manja, aliyense maso amakhala pa mbale yake. Pizza ukhoza kudya ndi manja, palibe mlandu. Spaghetti umangobaya foloko m'mphepete mwa mbale, kutenga tingwe tochepa, n'kuzunguza mpaka takulungika. Ukatenga tambiri ndiye kaja msuzi umathera pa bulauzi, choncho choyera usavale.

Chimene ndikufuna usamale nacho ndi nkhumba. Anthu amenewa nkhumba amaikonda zedi, ndipo pa menyu sakulembera kuti iyi ndi nkhumba ayi. Ukaona prosciutto, pancetta, guanciale, salami, dziwa kuti si zathu zimenezo. Pepperoni nayonso nthawi zambiri imakhala ndi nkhumba. Ndiye pali pasta ya carbonara, imene anzako akakuumirize kuti ulaweko chifukwa imaoneka yoyera bwinobwino ngati ilibe kanthu. Imeneyo ndi ya ku Rome, amapangira mazira, tchizi, tsabola wakuda ndi nyama ya patsaya la nkhumba. Kuno ambiri amaikamo bacon ndi kirimu, komabe nkhumba ndi nkhumba. Ngakhale bolognese ndi lasagne, zimene tonse timangoti ndi minsi ya ng'ombe, kwawo ku Bologna amasakanizamo nkhumba pang'ono kuti ikome. Malo ambiri kuno amaphikira ng'ombe yokha, koma funsa weta mosabisa: muli nkhumba umu? Akayamba kukanda m'mutu, muuze akafunse kukhitchini. Ndi ntchito yake, sangakwiye. Zam'nyanja nazonso, ma prawns, calamari, ukaona frutti di mare ingodumpha. Marinara ndiye imasokoneza: pizza ya dzina limeneli ku Napoli imangokhala tomato, adyo, oregano ndi mafuta, koma malo ena pasta ya marinara amadzazamo zam'nyanja zomwezo. Imeneyonso funsa.

Menyu yawo imabwera m'magawomagawo, isakuopse. Antipasti ndi tolawirira, primi ndi pasta kapena mpunga, secondi ndi nyama kapena nsomba, contorni ndi masamba ndi mbatatesi zoperekezera, dolci ndi zotsekemera. Sikuti uyenera kudutsa monsemo ayi, mbale imodzi yakwana. Koma pa secondi pamenepo chenjera. Mnzanga wina wa kukwaya anaitanitsa nyama ya ng'ombe akuganiza kuti ibwera ndi tchipisi kapena mpunga. Inabwera mbale yaikulu, yoyera mbee, pakati kachidutswa ka nyama, pambali kandimu kodula ndi timasamba titatu. Anakhala chete akudikira kuti zina zikubwera m'mbuyo, mpaka nyama inazizira. Zoperekezerazo umaitanitsa pazokha, ndipo umalipiranso pazokha.

Ukandifunsa ine, ulendo woyamba tenga pizza ya Margherita. Tomato, tchizi cha mozzarella, masamba a basil, basi, palibe chobisika. Nkhani imene amaikamba ndi yoti mu 1889 wophika wina wa ku Napoli, Raffaele Esposito, anaiphikira Mfumukazi Margherita, ndipo kufiira, kuyera ndi kubiriwirako ndi mitundu ya mbendera ya Italy. Ukhoza kukawauzako anzako, akakuone ngati munthu woyenda. Ikakhala yowotchera mu uvuni wa nkhuni imabwera yopyapyala, m'mphepete muli timadontho takuda ta kupserera. Sinapsere, ndi mmene imakhalira, usaibweze. Ngati ukufuna pasta, pali penne arrabbiata ya tomato, adyo ndi tsabola wowawa, ndipo iwe ndimakudziwa ndi kambuzi, imeneyo ikakukomera. Pasta yawo saifewetsa ngati mmene timachitira kunyumba, imakhala yolimbirako pakati ukamatafuna, ndi dala. Risotto ndi mpunga wofewa wamadzimadzi, imachedwa kupsa, mwina mphindi 20 kapena kuposa, komanso nthawi zambiri amathiramo vinyo pophika, ndiye usavutike nayo.

Amayi, iyi ndi yanu, mukumva? Ataliyana a kumpoto ali nayo nsima yawo, amaitcha polenta. Ufa wa chimanga chachikasu, madzi, kuvundula ndi mthiko chimodzimodzi, kungoti iwo amathiramo mchere, batala ndi tchizi. Kale inali chakudya cha amphawi kumidzi. Lero amaidula timagawo, kuikazinga pang'ono, n'kukulipiritsa ndalama yoti kwathu ungagule nayo ndowa ya mgaiwa.

Tsopano nkhani yeniyeni, imene imadanitsa anthu, ndi bilu. Apa ndiye khutu likhale tcheru. Mukakhala anthu asanu ndi atatu patebulo, pamakhala wina amene waitanitsa tolawirira, nyama yodula, botolo la vinyo, kenako lina, ndiye pomaliza yemweyo ndi amene amayamba kunena kuti tiyeni tingogawana mofanana. Iwe wadya pizza imodzi ndi Fanta, ukalipirire vinyo amene sunamununkhize n'komwe? Ndipo nthawi imeneyo kukana kumavuta, bilu ili patebulo, weta waima pompo ndi kamakina kake, aliyense akuseka, iwe ndiwe watsopano pantchito. Choncho nkhaniyi iyambe lero, m'gulu lanu la WhatsApp, musanapite. Ungolemba mwaulemu kuti anzanga, kodi aliyense azilipira zake kapena tisonkha? Ukaona, atatu kapena anayi ayankha msangamsanga kuti aliyense zake, chifukwa nawonso zimawadya mumtima koma amasowa woyambitsa. Mukafika, muuzeni weta asanalembe chilichonse kuti mabilu akhale osiyana, kapena zakumwa zikhale pa bilu yakeyake. Pamapeto pake zimawavuta kulekanitsa.

Mawu oti "tiye tikadye" sakutanthauza kuti wakuitanayo ndiye alipira, iyayi, za m'tauni sizili ngati kumudzi kumene mlendo sagwira m'thumba. Ngati ndi tsiku lobadwa la wina, kawirikawiri inu ndi amene mumamulipirira iyeyo. Tenga ndalama yoposa imene wawerengera, ina ikhale pa Mpamba kapena Airtel Money, chifukwa netiweki ya makina a khadi ili ndi masiku ake. Bilu ikabwera iwerenge, si umphawi umenewo. Ona ngati msonkho unali kale m'mitengo ya pa menyu, komanso ngati aikamo kale service charge, ndalama yothokozera maweta. Ngati mulibe, musonkherane kangachepe ka weta, wakhala chiimire usiku wonse. Madzi nawo, akakufunsa kuti still kapena sparkling, onsewo ndi a m'botolo ogula, ndipo sparkling ndi a gasi aja, osatsekemera, sindikuganiza kuti ungawakonde.

Zotsekemera, tiramisu imakoma koma ili ndi khofi ndipo ena amathiramo mowa pang'ono, ndiye ingotenga gelato, ayisikirimu wawo uja. Gawanani ndi mnzako, mupemphe masupuni awiri.

Pizza ikatsala usaisiye, uza weta akuikire m'kabokosi, amachita zimenezo tsiku lililonse. Ndipo zobwerera ukonzeretu, usakwere kabaza usiku, komanso usalowe m'galimoto ya amene wamwa vinyo uja ngakhale akhale bwana wako. Achimwene, muli pafupi inu, mukamutenge mwanayu ikamakwana 10 koloko. Eee, ndiwo zanga zikupserera, ndathawa.