Kwa achimwene ofunsa za chozimitsira moto mu kontena

Achimwene, mwati muli ndi kontena ya mafiti 20 yomwe munaisandutsa shopu, mkatimo muli inveta ya sola (chipangizo chosandutsa magetsi a m'batire kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba), mabatire a lithium ndi mafiliji, usiku mumakiya n'kupita kunyumba. Ndiye mukufunsa ngati mpira wozimitsa moto umene ukutsatsidwa pa Facebook ungakwane. Ambiri akuuzani kale kuti ingogulani. Ine ndikuti musathamangire, chifukwa moto wa m'malo otsekeka uli ndi khalidwe lakelake, ndipo mabatire muli nawowo ndi amene akundidetsa nkhawa kwambiri.

Mpirawo umagwiradi ntchito, koma ntchito yake ndi yochepa. Wodziwika kwambiri ndi wa Elide Fire wa ku Thailand, umalemera kupitirira pang'ono kilogalamu imodzi, ndipo mkati mwake muli ufa wofanana ndi wa m'zozimitsira moto zofiira zija. Kuti uphulike pamafunika lawi liunyambite. Utsi wokha suuphulitsa. Tsono moto wa shoti nthawi zambiri umayamba mwakachetechete, waya kusungunuka, pulasitiki kufuka utsi kwa nthawi yaitali lawi lisanaoneke. Mpira mukaupachika pakhomo pomwe moto wayambira kuseri kwa filiji, udzaphulika katundu atapita kale. Ufa wakenso umalowa paliponse ndipo umadya zitsulo za mkati mwa inveta. Mukaugula, uikeni pamwamba penipeni pa malo amene mukuwakayikira, ndipo samalani ndi yachinyengo.

Pali china chofanana nacho chimene chimapachikidwa kudenga, botolo la ufa lokhala ndi kagalasi kakang'ono kumunsi. Kagalasi kofiira kamasweka pa madigiri 68, kachikasu pa 79, kobiriwira pa 93. Izi muzifunse ndithu kwa wogulitsa. Denga la kontena ndi chitsulo, ndipo dzuwa la Okutobala, makamaka ngati muli kuchigwa kapena kunyanja, limatenthetsa m'munsi mwa dengalo koopsa. Kagalasi ka 68 kakhoza kukuthirirani ufa pa katundu popanda moto.

Ena atchula zodzaza kontena yonse ndi mpweya, monga FM-200, Novec 1230 kapena CO2 (mpweya wa carbon dioxide). Izi ndi zimene amaika m'zipinda za makompyuta akuluakulu ndi m'sitima zapamadzi. Nzeru yake ndi yakuti mpweyawo ufike pa mlingo woyenera m'chipinda chonse, ukhalebe momwemo pafupifupi mphindi 10. Kontena ya mafiti 20 ndi pafupifupi makiyubiki mita 33, choncho amawerengetsa mpweya wokwanira malo amenewo. Koma kontena ya shopu inadulidwa zenera logulitsira, inabooledwa modutsa mawaya, mwina mphira za pachitseko zinatha kalekale. Mpweya wodulawo ungotuluka. Za CO2 ndikuchondererani, musaiganizire n'komwe m'malo olowa anthu. Kuti izimitse moto imafunika kufika maperesenti 34 kapena kuposa, pamene maperesenti 10 okha amakomola munthu m'mphindi zochepa. Mwana wanu kapena wantchito atakhala mkati itatuluka mwangozi, sangafike pakhomo.

Chimene ine ndingakulangizeni kuti muikepo ndalama ndicho kuteteza bokosi limene moto ungayambiremo, osati kontena yonse. Inveta, mabuleka (maswichi odula magetsi okha pakachitika shoti) ndi polumikizira mawaya zikhale m'kabati yachitsulo. Mkati mwake muikemo chubu chozimitsa moto, chonga cha Firetrace kapena BlazeCut. Ndi kapaipi ka pulasitiki kodzazidwa mothinana, kamene amakazunguliza pamwamba pa mawaya. Pamene patentha kwambiri mpamene kamafewa n'kubooka, mankhwala n'kutulukira pomwepo pa moto. Sichifuna magetsi, sichifuna munthu. Palinso tizitini ta aerosol, monga Stat-X ndi FirePro, timene timatulutsa utsi wa mchere wa potaziyamu wopha lawi, ndipo tina ndi tating'ono tokwana m'bokosi la mabuleka. M'kabati yaing'ono zimenezi zimakwanira bwino ndipo mtengo wake ndi wofikirika poyerekeza ndi kudzaza kontena yonse.

Tsopano za mabatire, ndipo apa mundimvetsere bwino. Zonse ndatchulazi zimapha lawi. Palibe chimene chimaziziritsa batire ya lithium imene yayamba kudzitenthetsa yokha mkati. Mkati mwa batire muli zigawo zotchedwa maselo, ndipo selo imodzi ikatentha imayatsa inzake, inzakeyo inzake, ndipo iliyonse imalavula mpweya woyaka monga haidrojeni ndi carbon monoxide. Lawi likazimitsidwa mpweyawo supsa, umangounjikana m'kontena yotseka.

Izi zinachitika ku Surprise, m'chigawo cha Arizona ku America, pa 19 Epulo 2019. Nyumba yachitsulo yonga kontena, yosungira mabatire a kampani ya magetsi, inali ndi Novec 1230 ndipo mpweyawo unatuluka monga momwe anaukonzera. Koma mabatire anapitiriza kutentha. Patapita maola pafupifupi atatu ozimitsa moto anatsegula chitseko, ndipo posakhalitsa munaphulika, anayi mwa iwo n'kuvulala kwambiri. Anali akatswiri, ovala zodzitetezera zonse. Ku Beijing mu Epulo 2021 ozimitsa moto awiri anafa pa kuphulika kwa malo osungira mabatire, ndipo kumeneko anali a mtundu wa LiFePO4, womwewu umene tikugula wa sola. Mtundu umenewu suyaka msanga ngati ina, n'zoona, koma mpweya umatulutsa ndithu.

Aliyense amene anaonapo uvuni wa makala akudziwa zimenezi. Nkhuni zokwiriridwa ndi dothi zimangofuka, koma pakabooka mpweya n'kulowa, lawi limabuka nthawi yomweyo. Mpweya umene timapuma uli ndi okosijeni wa maperesenti 21, ndipo malawi ambiri amafooka ukatsika kufika cha m'ma 15. Kontena yotseka imaufooketsa moto yokha, koma kutentha ndi utsi woyaka zimakhalabe mkati kudikira wotsegula. N'chifukwa chake sitima zonyamula makontena pamwamba, zomangidwa kuyambira 2016, zimalamulidwa kukhala ndi chida chonga mkondo chimene amaboolera khoma la kontena n'kupopera madzi mkati chitseko chili chitsekere.

Choncho mabatire atulutseni m'shopumo. Amangireni kanyumba ka njerwa kunja, pamthunzi, kokhala ndi mipata ya mpweya pamwamba ndi chitseko chachitsulo chokiyika, motalikirako ndi khoma la kontena ngati malo alipo. Ndikudziwa kuti mukuopa akuba, koma kanyumba kolimba kamateteza bwino kuposa momwe ambiri amaganizira, ndipo batire ikalakwa mumataya batire yokha, osati shopu. Anzathu amene muli ndi mabatire othira madzi aja, nanunso mipata ya mpweya ndi yofunika, chifukwa potchaja amatulutsa haidrojeni, yomwe imayaka ikangofika maperesenti 4 mu mpweya.

Fyuzi ya DC, kutanthauza ya magetsi ochokera ku batire, ikhale pafupi penipeni ndi batire, mawaya akhale a saizi yoyenera, ndipo pamene waya wadutsa pa chitsulo chodulidwa pakhale mphira. Moto wambiri wa sola umayambira polumikiza pogwedera, choncho wamagetsi wanu azibwera kudzamangitsa. Swichi yozimitsira zonse ikhale kunja. Kumbukiraninso kuti masana mapanelo amapangabe magetsi ngakhale mwazimitsa inveta. Petulo wa jenereta, silinda ya gasi ndi mankhwala a klorini asagone m'kontenamo. Klorini wa ufa akanyowa kapena kusakanikirana ndi mafuta amatha kuyambitsa moto yekha, ndipo moto wake sudalira mpweya wa kunja. Pansi pa kontena pajanso ndi pulayiwudi, osati chitsulo.

Musalole munthu kugona mkati. Zitseko za kontena zimatsekedwa ndi mipiringidzo ya kunja, ndipo utsi umagonjetsa munthu ali m'tulo lawi lisanamufike.

Alamu ya utsi ndi yotchipa kuposa zonsezi ndipo ndi imene imakupatsani nthawi. Pezani yokhala ndi belu la kunja loti mlonda alimve, kapena yotumiza uthenga pa foni. Mlondayo mukhale naye pansi mumuuze momveka. Akamva alamu azimitse swichi ya kunja, aimbire inu ndi ozimitsa moto a khonsolo, nambala zikhale zolembedwa pakhoma. Akaona utsi ukutuluka m'mipata, kapena chitsulo chatentha penti n'kumatukuka, asatsegule, asaime moyang'anizana ndi chitseko, athamangitse anthu apite kutali. Ozimitsa moto akafika, chinthu choyamba kuwauza ndi chakuti muli mabatire a lithium ndi pamene ali.

Mukatumiza chithunzi cha mmene munaikira inveta ndi mabatirewo, ndikuuzani poyenera kudutsa chubu ndi poika alamu.