Sizikulankhulana kapena sizikumvana?

Funso: Aphunzitsi, ndine mnyamata wa ku Chibavi kuno ku Mzuzu. Loweruka lililonse ndimaphunzitsa ana a sekondale kulumikiza Arduino (kabolodi ka zamagetsi koyendera pulogalamu) ku kompyuta, koma zikakanika ndimasowa chonena. Ndiziti "Arduino ndi kompyuta sakulankhulana", "sizikulankhulana" kapena "sizikumvana"? Nanga baud rate pa Chichewa n'chiyani?

Yankho: Achimwene, "sakulankhulana" musiyireni anthu. Mkamwini ndi apongozi ake ndiwo sakulankhulana. Zinthu tikazitchula pamodzi zimatenga "zi", monga timanenera kuti khasu ndi nkhwangwa zasowa. Mukalemba "kuyankhulana" m'malo mwa "kulankhulana" palibenso mlandu.

Mawu awiri otsalawo onse ndi Chichewa chabwino, koma akunena matenda osiyana, ndipo ndingakonde anawo awasiyanitse kuyambira lero.

"Sizikulankhulana" ndi pamene kuli zii. Mwatsegula Serial Monitor (kazenera ka pa kompyuta koonetsa uthenga wochokera ku Arduino), palibe ngakhale chilembo chimodzi. Apa yambani mwakayikira chingwe cha USB. Zingwe zina n'zotchajira foni basi: moto umadutsa, kababu ka pa Arduino nkuyaka bwinobwino, koma mulibe nthambo zonyamula uthenga. Chingwe chikakhala chabwino, onani mu Device Manager (mndandanda wa zipangizo pa Windows) ngati COM port, khomo lomwe Arduino imalowera pa kompyuta, yatulukira. Ma Arduino ambiri otchipa amabwera ndi kachipangizo ka CH340, ndipo kompyuta ikakhala yopanda driver wake (kapulogalamu kothandiza kompyuta kuzindikira kachipangizoko) imangokhala ngati sinaone mlendo. Mwinanso pulogalamu ina yagwira kale port yomweyo, pakuti port imodzi siitumikira mapulogalamu awiri nthawi imodzi.

"Sizikumvana" ndiye mawu amene amandikomera. Kumva kuli pawiri m'Chichewa: khutu limamva, mutu numvanso. Anthu awiri atha kulankhulana tsiku lonse osamvana, monga wa ku Nsanje amene wangotsika basi pa depoti ya Mzuzu nkulonjeredwa m'Chitumbuka chenicheni. Mawu akufika, tanthauzo ayi. Ku kompyuta zimaoneka ngati zilembo zachilendo, timabokosi ndi zizindikiro za funso. Kawirikawiri gwero lake n'lakuti mu pulogalamu munalemba Serial.begin(9600) pomwe Serial Monitor ili pa 115200. Fananitsani manambalawo, zimvana.

Tafika pa baud rate, yomwe ndi manambala aja a 9600 ndi 115200. Anawo muwauze kuti ndi "liwiro lotumizira uthenga", koma liwu loti baud musavutike nalo. Linachokera ku dzina la munthu, Émile Baudot wa ku France, katswiri wa matelegalamu, ndipo dzina sitimasulira. Pa 9600 zimadutsa zilembo pafupifupi 960 pa sekondi, chifukwa chilembo chilichonse chimadya ma bit 10 (bit ndi 0 kapena 1 mmodzi). Ndamvapo ena akuti "sipidi". Pocheza ndilibe nazo vuto, koma pa bolodi lembani "liwiro".

TX ndi RX simunafunse, koma mukumana nazo mukayamba kulumikiza ndi mawaya. "Chotumizira" ndi "cholandirira" n'zolondola, kungoti ana sachedwa kuziiwala. Ine ndikanati TX ndi pakamwa, RX ndi khutu. Pakamwa pa chipangizo china palunjike khutu la chinzake, ndipo GND (pini ya negativu) ya zonse ziwiri ilumikizane. Pa Arduino Uno, khutu ndi pini 0, pakamwa ndi pini 1, ndipo USB imadzeranso pomwepo, choncho zulani mawaya amenewo musanatumize pulogalamu yatsopano.